Mutu Wosagwedezeka wa a Chitsa

A Chitsa anabadwa osalira. Azamba anawagwira miyendo n'kuwazondotsa, kuwamenya mbama kumbuyoku, kuwatsina kachala, koma khandalo linangotsegula diso limodzi, n'kuona kuti dziko lake ndi lomweli, n'kulitsekanso. Mayi awo ankalumbira mpaka tsiku lomwalira kuti mwana ameneyu sanatakatakepo m'mimba ngakhale kamodzi, moti miyezi yonse ija iwo ankangoyesa kudzimbidwa.

Dzina lenileni anali nalo, koma linachita dzimbiri, chifukwa ukawaitana nalo lero ankayankha mawa. La Chitsa anawapatsa ndi mphunzitsi wawo woyamba, yemwe anakoleka jekete lake pamutu pawo m'mawa poyesa msomali, n'kudzalipeza pomwepo poweruka, losakwinyika n'komwe. Kunyumba nkhuku inaikira dzira pamiyendo pawo, kulifungatira, kuswa, mwanapiye kukula mpaka kuyamba kulira kokoliriko, a Chitsa akadalingalirabe kuti ayambe kusuntha mwendo uti.

Atakula, ntchito anazilawa zingapo. Kusitolo ya zovala anawalemba ulonda wa masana. Makasitomala ankawagwira kolala n'kumafunsana mtengo wa malaya omwe avala, ndipo tsiku lomwe kunabwera akuba anatenga masuti onse, kenako n'kuwanyamulanso iwo poyesa chidole chovekapo zovala, n'kukawasiya pakona ya msewu ataona kulemera. Kophikira buledi anawauza kuti ayang'anire ufa wokanda usafufume mopitirira. Anauyang'aniradi. Unafufuma, kusefukira, kuwakwirira mpaka m'khosi, iwo akuuyang'anirabe mokhulupirika.

Za ukwati wawo anthu amadabwa kuti anafunsira bwanji. Sanafunsire. Mtsikana wina wotchedwa Kavuluvulu, woti poyankhula nawe amakhala akupukuta tebulo ndi dzanja limodzi kwinaku akukoka khutu la mwana wa eni ake ndi linalo, anawapeza atakhala pakhonde la azakhali ake. Anawauza kuti asunthe asesepo. Sanasunthe. Anasesa mowazungulira. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka anthu anayamba kuwatchula kuti ndi banja, ndipo kukana kunkafuna mphamvu zomwe a Chitsa analibe. Ana anabadwa ndithu. Mmene zinachitikira musafunse, eni ake omwe amaoneka odabwa.

M'nyumbamo ulemu wawo unali wofanana ndi wa mpando wothyoka mwendo. Ana ankawalumpha popita kukhitchini. Kukagwa mvula Mai Kavuluvulu ankayanika zovala pamapewa pawo.

"Inu abambo, mukanakhala tebulo bwenzi ndikuyamika Mulungu," ankatero. "Tebulo silidya."

Ndiye panali alamu awo, mchimwene wa mayiwo, dalaivala wa lole wapakamwa ngati hutala, amene akalowa m'nyumba ankayamba agogoda a Chitsa pachipumi.

"Odi muno! Alamu, muli moyo kapena tiyambe kuitana abale?"

Alamu omwewo ndi amene anawatsegulira mwayi, mosafuna. Msana unawagwira alamuwo, achipatala n'kunena kuti akajambulidwe ndi makina aakulu a maginito, aja amaona m'kati mwa thupi osang'amba. Panafunika wowaperekeza, ndipo Mai Kavuluvulu anatuma amuna awo kuti akagwire nsapato ndi lamba, poti m'chipinda cha makinawo simulowa chitsulo chilichonse. Makinawo ndi chimphanga choyera, chopanikiza ngati bokosi la maliro, ndipo munthu amamulowetsamo atagona pakabedi koyenda kokha. Alamu, omwe ankati anagwetsapo ng'ombe yolusa ndi manja okha, atangolowa mpaka m'mapewa anayamba kuitana amayi awo omwe anamwalira kalekale.

Kunja, pabenchi ya m'khonde, a Chitsa anakhala ndi nsapato pamiyendo. Panadutsa bambo wina wowonda, wamagalasi, wovala chimalaya choyera. Anadutsa kupita, a Chitsa ali chomwecho. Anadutsa kubwerera, ali chomwecho. Ulendo wina anaima, poti ntchentche inali ikuyenda pachikope chawo, kutsetsereka pamphuno, n'kuima pamlomo kumasamba m'manja. Bamboyo anaika chala kunsi kwa mphuno yawo kuti amve mpweya.

"Ndili moyo, adokotala," anatero a Chitsa, ntchentche osauluka.

"Bambo, mungakhale chonchi nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka wina andikalipire."

Bamboyu pachipatalapo ankangomutchula kuti Maginito. Udokotala wake sunali wobaya jakisoni. Unali wa masamu ndi makina, woti ukamudandaulira kuti mutu ukuwawa amakufunsa kuti mutuwo ndi waukulu bwanji. Anakhala pabenchipo n'kufotokoza vuto lake ngati akuulula machimo. Kuchipinda chapansi, anatero, kuli makina ena owotcha zotupa za khansa ndi cheza champhamvu. Chezacho chilibe maso, chimapita pomwe chithunzi chachiuza. Chithunzi chikaphonya pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa chikhadabo, chotupa chimatsala, ubongo wabwinobwino n'kupsa. Iye ankafufuza njira zatsopano zojambulira m'mutu, koma kuti aziyese pankafunika mutu wamoyo wosagwedezeka, poti kujambulako n'kochedwa ndipo munthu akangosuntha chithunzi chimachita chimbuuzi. Ophunzira ake onse anali atawalowetsamo. Wina ankayetsemula, wina ankadzikanda, wina ankaseka yekha.

"Ndiye ntchito yake ndi yotani?" anafunsa a Chitsa.

"Kugona basi. Osasuntha."

A Chitsa anamuyang'ana nthawi yaitali, poyesa kuti alamu ndi amene amutuma kudzawaseka.

Wowalandira tsiku loyamba anali mayi wojambula, wodina mabatani kuseri kwa galasi, ndiye aliyense ankangoti Mai Batani. Anawavula lamba, makiyi ndi chipini chomwe chinkagwira buluku lawo, n'kuwaveka mkanjo wotseguka kumbuyo. Anawatseka m'makutu, kuwaika mutu m'kakhola kapulasitiki, n'kuwapatsa kampira m'manja.

"Mukachita mantha mufinye aka, madala, tikutulutsani."

Kabedi kanalowa m'mphanga. Makina anayamba: gu-gu-gu-gu, kho-kho-kho, tyiii, ngati amisiri khumi akukhoma malata pamutu pako. A Chitsa, munthu woti wakhala ndi Mai Kavuluvulu zaka zonsezi, anamva ngati akuwaimbira nyimbo yogonetsa mwana. Kampira kaja sanakafinye. Masana atakwana anthu onse anapita kukadya n'kuwaiwala momwemo. Pobwera anawapeza mmene anawasiyira, ndipo chithunzi chomwe chinatuluka pa kompyuta chinali choyera mwakuti timitsempha ta mu ubongo ukanatha kutipatsa mayina n'kutiitana kamodzikamodzi. Maginito anavula magalasi n'kupukuta misozi.

"Bambo, nthawi yonseyi mumaganiza chiyani?"

"Palibe."

"Zikuonekadi," anatero Mai Batani, akuyang'ana ubongowo.

Atafika kunyumba n'kunena kuti apeza ntchito yogona, Mai Kavuluvulu anawanunkhiza m'kamwa. Alamu anaseka mpaka msana uja unapola wokha.

"Kani zaka zonsezi mumaphunzira, alamu? Ife tinkayesa ulesi, osadziwa kuti munthu ali ku yunivesite!"

Anakhulupirira tsiku lomwe galimoto ya chipatala inaima pakhomo kudzawatenga, msewu wonse ukuona.

Apo ndi pomwe moyo wa a Chitsa unayambira, imvi zitamera kale. Ankapita kuchipatala atatchena, kachikwama m'manja kopanda kanthu m'kati. Alonda a pageti ankawaimirira. Njira iliyonse yatsopano yojambulira inkayamba yalawa mutu wawo isanafike kwa odwala. Kuchipinda chapansi nakonso ankawabwereka: odwala owotchedwa ndi cheza amawaumbira chigoba chapulasitiki pankhope n'kuchikhomera pabedi kuti mutu usayende, ndipo chigoba cha mtundu watsopano chilichonse ankayamba achiumbira pa a Chitsa, chofunda, chikuumira pankhope pomwepo. Pashelefu panadzaza nkhope zawo mizeremizere, zonse zooneka zanzeru kuposa yeniyeni. Ubongo wawo unakwera ndege kupita kumisonkhano ya akatswiri, eni ake asanaionepo ndege pafupi, ndipo akuti kumeneko anthu a ndevu zoyera ankaimirira kuomba m'manja, ena n'kumafunsa ngati munthuyu ali moyodi.

Kunyumba zinthu zinatembenuka. Zovala zonyowa zinachoka pamapewa. Mai Kavuluvulu akafunsidwa ndi anzawo ankayankha mokweza kuti wogontha wa kumapeto kwa msewu amve: "Abambo ali ku kafukufuku. Madokotala sangagwire ntchito popanda iwo." Alendo akabwera ankagoneka amuna awo pansi pabalaza, kuwaika kapu yodzaza madzi pachipumi, n'kuuza ana kuti aziomba mapoto. Dontho silinkagwa. Alamu anayesa kuwagirigisha kuphazi ndi nthenga, kukuwa kuti nyumba ikupsa, ngakhale kuwanong'oneza kuti akazi awo akufuna kuthawa ndi wogulitsa makala. Pomalizapa pokha ndi pomwe anthu anaona ngati a Chitsa akufuna kumwetulira, koma madzi sanatayike.

Ulemuwo unawalowa m'mutu, poti malo analimo ambiri. Pabenchi ija ankapeza odwala enieni, ometedwa mipala, akudikira kulowa m'mphanga mitima ili m'mwamba, ndipo iwo ankawapatsa maphunziro osapemphedwa. Gogo wina yemwe anamutulutsa asanamalize chifukwa chotsokomola a Chitsa anamuuza pamaso pa ana ake kuti:

"Amayi, makina awa si a aliyense. Mukuwatayitsa nthawi madokotala. Chovuta n'chiyani pa kugona? Mwatsala pang'ono kugona mpaka kalekale, yambirenitu kuphunzira."

Kunjenjemera kunayamba ndi sipuni ya tiyi. M'mawa wina inagunda kapu yokha, ngwe-ngwe-ngwe, a Chitsa n'kumayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Patapita milungu mutu nawo unayamba, pang'onopang'ono, uku ndi uku, ngati munthu wokana chinthu chomwe sanafunsidwe. Oyamba kuona anali Mai Kavuluvulu. Anatseka chitseko, kukoka makatani, kuwagoneka pansi n'kuika kapu ija pachipumi. Madzi anachita timafunde, kenako anakhuthukira m'maso.

Mayiwo anaima atagwira m'chiuno.

"Moyo wanu wonse mwakhala ngati mtembo, ine ndikupirira. Lero taona ulemu, ndiye mwati muyambe kuvina?"

"Sindikuchitira dala, amayi."

"Inu munachitapo chiyani mwadala chibadwire? Tamverani. Musauze munthu. Akakuchotsani kumeneko, muno mubwerera ngati chiyani? Ine anzanga ndikawauza chiyani?"

A Chitsa sanafunike kuuzidwa. Kunja kwa mphanga ija iwo anali katundu wosowa poika. M'kati mwake anali munthu. Anayesa zonse. Akazi awo anawadulira kolala ya katoni n'kuibisa ndi mpango, dzuwa likuswa mtengo. Ankawagoneka ndi njerwa mbali zonse za mutu kuti khosi likumbuke ntchito yake. Mutu ukayamba ankawawaza mbama, akuti mitsempha idzidzimuke. M'mphangamo a Chitsa ankaluma mano mpaka nsagwada kuwawa, kukanikiza nkhongo pamtsamiro, thukuta lili kamukamu. Ndi maso sukanaona kanthu. Koma makina aja sanyengeka, ndipo zithunzi zinayamba kutuluka ngati zajambulidwa pansi pa madzi.

Maginito sanawaganizire n'komwe. Kukayikira a Chitsa kunali ngati kukayikira kuti pansi ndi pansi. Anati makina afa. Akanayesa ndi mutu wapulasitiki wodzaza mafuta oundana womwe amayesera makina, koma umenewo anauiwala m'kabati chibwerere a Chitsa, ndipo anaupeza utang'ambika n'kuuma gwa. Anaitana injiniya, amene anamasula makinawo mpaka matumbo kunja, kuwabwezera, n'kulumbira kuti alibe vuto. Anaganizira magalimoto a pamsewu. Anaganizira chikepe chokwerera m'mwamba. Analetsa anamwino kuyenda ndi nsapato zogogoda m'khonde. Zonse zitakanika, mlandu unagwera pomwe umagwera masiku onse, pa wamng'ono.

"Mayi, mumawagoneka bwanji bambowa masiku ano?" anafunsa Maginito, a Chitsa ali pomwepo akumanga lamba.

"Mmene ndimawagonekera nthawi zonse, bwana."

"Ndiye zithunzi zanga zikuvina chifukwa chiyani? Makina ali bwino. Bambowa sasuntha. Watsala ndani?"

Mai Batani anayang'ana a Chitsa, kudikira kuti amuikire kumbuyo. Zaka zonse zija ndi iye amene ankawafunditsa bulangete kumiyendo m'chipinda chozizira chija ndi kuwasungira tiyi. A Chitsa anagwira chibwano ndi dzanja ngati akuganiza mozama, pomwe ankangofuna kuugwira mutu.

"Mwina mtsamiro," anatero. "Masiku ano amauika mopendekeka. Ine ndimangopirira."

Mawa lake Mai Batani anamuchotsa kuseri kwa galasi n'kukamuika kopinda nsalu, m'kachipinda kopanda zenera. A Chitsa anadutsa pakhomo pake osayang'ana, mutu wawo ukukana wokha njira yonse.

Bodzalo likanakhala mpaka lero pakanapanda kamera. Maginito anali atayamba kafukufuku wina: m'malo mokakamiza odwala kuti asasunthe, kompyuta izitsata kusuntha kwawo n'kumakonza chithunzi, ndipo m'tsogolo cheza chowotcha chija nachonso chizithamangitsa chotupa komwe chasunthira. Anaika kakamera m'kati mwa mphanga, n'kumamata kapepala kamawangamawanga pamphuno ya wojambulidwa. Mutu ukakhala phee, pa kompyuta pankayenda mzere wowongoka. Ukasuntha, mzerewo unkadumpha.

Tsiku loyesa anaitana akuluakulu a chipatala, ophunzira onse, ngakhale injiniya uja.

"Tiyamba ndi munthu wosasuntha," analengeza Maginito, "kuti muone mmene mzere wowongoka umakhalira. Bambo awa ndi mwala. Kenako tilowetsa wophunzira agwedeze mutu dala, muone kusiyana."

Kabedi kanalowa. A Chitsa analuma mano, n'kupempha Mulungu yemwe anali asanamuvutitsepo ndi pempho lililonse. Kuseri kwa galasi mzere unayamba ulendo wake: unakwera, unatsika, unakwera, unatsika, mano a macheka enieni, osaphonya, ngati ukuvinira ng'oma. Injiniya anayamba kuseka ndi mapewa, kenako ndi mphuno, kenako anatuluka panja kukamalizira.

Atawatulutsa, a Chitsa anakhala pakabedi miyendo ili lendelende, mkanjo utatseguka kumbuyo, kapepala kali pamphuno, kudikira kuti awathamangitse. Maginito anabwera chothamanga, maso akuwala, n'kuwagwira masaya ndi manja onse awiri.

"Kuyambira liti?"

"Papita miyezi, adokotala. Pepani. Ndimaopa kuti..."

"Pepani wa chiyani? Bambo, mukudziwa mmene ndavutikira kusaka munthu wonjenjemera zenizeni? Ophunzirawa akamagwedeza dala amanama, amangochita ngati mbuzi yokana chingwe. Izi ndiye zenizeni! Taonani kukongola kwa mzerewo! Chimakula chimenechi, eti? Chizipitirira?"

Anafunsa moyembekezera, ngati mlimi wofunsa za mvula.

Chinali chokuladi. Dokotala wa mitsempha anawauza kuti ndi matenda onjenjemera obwera ndi ukalamba, osachizika, ongochepetsa ndi mapiritsi. Maginito anawaperekeza yekha kukatenga mapiritsiwo, n'kuwapempha mwaulemu wonse kuti masiku ojambula aziwamwa akatuluka m'mphanga, osati asanalowe.

Mai Batani anamubwezera pamalo pake popanda womupepesa. Tsiku loyamba atabwerera anawaikira a Chitsa mtsamiro mosamala kwambiri, kuusalaza, kubwerera m'mbuyo n'kuuyang'ana ndi diso limodzi ngati mmisiri womanga khoma.

"Wawongoka, madala? Nenani msanga, ndingakapindenso nsalu."

Bulangete sanawafunditse. Anapita kuseri kwa galasi n'kudina chimkuzamawu: "Konzekani, a Gwedegwede, tikuyamba."

Dzinalo linatuluka m'chipatala tsiku lomwelo, kukwera basi, n'kukafika kunyumba eni ake asanafike. Alamu anawachingamira pakhomo atanyamula botolo la mankhwala a chifuwa.

"Alamu, tandigwirirani ili. Alemba kuti tikhutchumule tisanamwe."

Mai Kavuluvulu sanaseke. Anachotsa mpando wa amuna awo pabalaza n'kukauika kuseri kwa nyumba kuti alendo asamaone. Kwa anzawo ankanenabe kuti abambo ali ku kafukufuku, koma motsitsa mawu, ngati akunena kuti ali kundende. Pabenchi ija maphunziro anatha. Tsopano odwala ndi amene ankawasendera kuwapatsa malo, ndipo mtsikana wina wometedwa mpala, woti mphepo ikanatha kumunyamula, anawasisita pabondo.

"Musaope, agogo, makinawa saluma. Ndi koyamba?"

Patapita miyezi, Maginito anawaitana ku ofesi n'kuwaonetsa zithunzi ziwiri zogundizana pa kompyuta.

"Chimodzi ndi chakale, muli mwala. China ndi chadzulo, mukunjenjemera ngati jenereta, kompyuta itakonza. Chakale ndi chiti?"

A Chitsa anayang'ana, n'kuyang'ananso. Timitsempha tomwe tija, kuyera komwe kuja. Analoza cha kumanzere.

"Mwalakwa!" Maginito anamenya tebulo ndi chimwemwe. "Mwaona? Kutsogoloku palibenso adzafunike kugona ngati mwala. Mwana, nkhalamba yotsokomola, chidakwa, aliyense adzatulutsa chithunzi ngati chanu chija. Zonse munkachita inu zija, pano ndi kabatani kamodzi."

Anawagwira chanza kuwathokoza.

Tsiku lojambula lotsatira a Chitsa anamwa mapiritsi asanachoke kunyumba, n'kuwonjezera a mawa lake. Analowa m'mphanga nkhope ili gwa. Anasonkhanitsa ulesi wonse wa moyo wawo, wa kusukulu, wa kuntchito, wa m'banja, n'kuuunjika pakhosi. Anasiya kuphethira, anasiya kumeza malovu, mpweya ankaukoka ngati akuba. Ndipo zinatheka. Mzere uja unagona pansi, wowongoka ngati chingwe chokoka, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Iwo sankauona, koma khosi lawo linkadziwa. Anatuluka atanyowa ngati agwa mumtsinje, msana utauma, akumwetulira mano onse pamtunda.

Maginito anali ataima pambali pa kabedi, manja m'thumba.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndakwanitsa, adokotala. Mwaona? Ndikadali..."

"Mwandiwonongera tsiku lonse. Nthawi ya makina awa timachita kulimbirana ndi odwala, inu n'kubwera kudzagona ngati chipika? Mzere wowongoka ndiutani ine? Ndikhoza kuujambula ndekha ndi rula." Kenako anafewetsa mawu, zomwe zinapweteka koposa kukalipa. "Tamverani, bambo. Kuwodi ya mitsempha kuli anthu ambiri onjenjemera, ena bwino kuposa inu, ndipo angasangalale kubwera kuno. Ine ndakusungani chifukwa tinazolowerana. Mukafuna kugona phee, kagoneni kunyumba."

Kunyumba kunali mpando kuseri, woyang'ana khoma. A Chitsa anakhalapo mpaka mapiritsi anatha mphamvu, mutu n'kuyambiranso. Mai Kavuluvulu anawapeza pomwepo pokataya madzi otsukira mbale.

"Nkhope imeneyo bwanji? Akuchotsani?"

"Ayi. Akuti ndizinjenjemera."

"Ndiye njenjemerani! Atafuna mtembo munawapatsa mtembo. Pano akufuna wovina, apatseni wovina. Mukuganiza kuti muno muli malo a munthu wondiswera makapu tsiku lonse?"

Anawapisa m'thumba la malaya, kutenga botolo la mapiritsi, n'kuliponya m'chikwama chawo cham'manja n'kutseka zipi.

Ulendo wotsatira a Chitsa anafika molawirira, osamwa kanthu. Lamba anavula okha, zala zikuphonyaphonya, Mai Batani atapinda manja kudikira mpaka anamaliza. Anagona, kapepala pamphuno, kabedi n'kulowa. Makina atayamba, khosi linadzilimbitsa lokha mwachizolowezi, ndipo mawu a Maginito anatuluka pa chimkuzamawu.

"Musadzigwire, bambo. Masukani. Lisiyeni lichite zake."

A Chitsa analisiya. Mutu unayamba pang'ono, kenako unagunda kakhola kaja uku ndi uku, chibwano chikutsatira, manja akuvina pamimba.

"Eya! Chonchotu! Pitirizani!"

Misozi inatuluka, ndipo poti anali chagada inatsikira m'mbali n'kunyowetsa mtsamiro. Chifuwa chinayamba kudumpha ndi kusisima. Kuseri kwa galasi anaiwala kutseka chimkuzamawu, ndiye a Chitsa anamva zonse bwinobwino pakati pa phokoso.

"Bwana, madalawa akulira," anatero Mai Batani. "Ndiimitse?"

Mpando unakhwekhwerezeka pansi, Maginito akusendera pafupi ndi kompyuta.

"Ayi, asiyeni. Odwala enieni nawonso amalira, ndipo zimenezi tinalibe. Taonani mzerewo wamera nyanga zatsopano!" Kenako anakweza mawu, mokoma mtima kwambiri. "Bambo, mukuchita bwino zedi. Musasiye. Sitinafike n'pakati pomwe."